Kagalimoto ka Mwana wa Changa

Padangokhala, kale nyama zikadakwatirana osafunsana mtundu wa ubweya, Changa anakakhala chikamwini kwa a Mbira. Mkazi wake anali Nambira, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Mwandida.

Changa anali wochenjera, ndipo vuto lake linali loti ankadziwa kuti ndi wochenjera. Akakuuza kuti lero dzuwa latulukira kumadzulo, unkayamba watembenuka kaye usanamutsutse. Koma ukamwini sulabadira kuchenjera kwa munthu. Changa ankalima m'munda wa apongozi ake aakazi, zokolola zonse n'kumalowa m'nkhokwe ya apongoziwo, ndipo akafuna ngakhale mtedza wodzaza chikhatho ankayenera kutuma mkazi wake kuti akamupemphere. Iye ndi apongozi akewo sankayankhulana maso ndi maso, monga mwambo unkanenera. Akakumana panjira, aliyense ankapatukira kwake mpaka mnzake adutse. Mwambowo Changa ankautsata bwino, koma zopemphazo zinkamudya mumtima.

Chaka chimenecho Njiri, mkulu wa amisiri, anayamba kukhoma tigalimoto ta matabwa. Kalikonse kanali ndi magudumu anayi, mpando umodzi, chingwe chowongolera, ndi kamtengo ka buleki kogwidwa ndi chikhomo chimodzi. Injini kanalibe. Unkangokakokera pamwamba pa chitunda, n'kukhalapo, n'kudzisiya. Mtengo wake unali dengu la mtedza. Ana a nyama anapenga nato, mpaka Khwangwala, kapitawo wa masewera, analengeza kuti Loweruka padzakhala mpikisano. Anawo anapekanso nyimbo yoimba mnzawo akamatsika. Woyambitsa ankafunsa kuti kagalimoto kakutsikako wagula ndani, onse n'kuvomera potchula dzina la wogulayo kawiri, manja akuwombedwa.

Mwandida ankaimba nawo mayina a makolo a anzake. Ankabwera kunyumba ali mbuu ndi fumbi, chifukwa ankakankha tigalimoto ta eni ake kuti mwina amubwereke kamodzi. Tsiku lina malume ake, mwini mbumba, anamupeza akudzikuntha fumbilo pakhonde.

"Usadandaule," anatero malumewo mokweza, kuti amve ndi amene anali kuseri. "Ndiwe mwana wa mbumba yathu, tidzakugulira ife. Alamuwa tisawavutitse."

Amene anali kuseriyo anali Changa, akusema mpini. Manyazi anamugwira mpaka kumakutu. Malumewo atachoka, anaitana mwana wake.

"Kagalimoto ndikugulira ndine, ndipo mawa lomwe ukwera."

"Zoona, ababa?"

"Ndinakunamizapo ine?"

Mwandida anathamanga kukauza anzake. Nambira anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Mwandida, ndikanene kwa amayi atipatse mtedza?"

"Ayi. Kuti mudzi wonse udziwe kuti ndinachita kupempha? Zisiyeni kwa ine."

Changa ankadziwa chinthu chimodzi chimene ogula ena sankachiganizira. Njiri ankanyadira manja ake kwambiri, mwakuti anali ndi lamulo: wofuna kugula ankaloledwa kutenga kagalimoto tsiku lathunthu kukayesa. Akapeza cholakwika, Njiri ankakonza n'kumanga mfundo pachingwe chimene chinkapachikidwa pakhomo pake. Kagalimoto kobwerera katatu ndi cholakwika sankakagulitsanso, ankakapereka ulere kwa amene wapeza zolakwikazo. Chiyambire ntchito yake, pachingwepo panalibe mfundo ndi imodzi yomwe.

M'mawa Changa anafika kwa Njiri manja ali kumbuyo, monga amafikira anthu a nkhokwe ziwiri. Anagogoda thabwa ili, kununkhiza gudumu ilo, n'kusankha kagalimoto kokongola kuposa tonse.

"Aka ndikayese, a Njiri. Kakandisangalatsa, dengu lanu mulilandira."

"Tengani. Koma mungotaya nthawi, cholakwika simuchipeza."

Tsiku limenelo Mwandida anatsika chitunda kosawerengeka. Nyimbo itayambika, woyambitsa atafunsa funso lake, ana onse anavomera dzina la Changa kawiri, ndipo Mwandida anavomera mokweza kuposa onse, ali pampando. Changa anaima chapatali akunamizira kuyang'ana kwina, koma mchira unkagwedezeka wokha. Chikwatirire, dzina lake linali lisanaimbidwepo m'mudzi umenewo.

Dzuwa litapendeka anakabweza kwa Njiri, nkhope ili yakugwa.

"Pepani a Njiri, kakukokera kumanzere."

Njiri anakhalapo, kudzikankha, ndipo kanayenda mowongoka ngati kakutsata chingwe.

"Ine sindikuona kanthu."

"Inu ndinu olemera, mukukapondereza. Mwana ndi wopepuka. Kodi mumakhomera ana kapena akuluakulu?"

Njiri anakanda mutu. Kuti akhale wopepuka sakanatha, ndiye akanatsutsa bwanji? Anachotsa magudumu, kupala apa ndi apo pamene panalibe chopala, kenaka anamanga mfundo yoyamba.

Kunyumba Mwandida anafunsa kumene kuli kagalimoto kake. Changa anati wakapititsa kopaka mafuta, ndipo mwanayo anakhulupirira osafunsanso.

Tsiku lachiwiri zinayenda chimodzimodzi. Changa anakatenga, Mwandida anatsika, nyimbo inafunsa, ana anavomera. Tsopano ngakhale akuluakulu odutsa ankamupatsa moni Changa ndi manja awiri. Malume a mwana aja anadutsa osanena kanthu, ndipo Changa anakondwa nazo kuposa moni uja.

Pobweza anapeza Gwape ndi Nungu ali kwa Njiri ndi madengu awo, akusankhira ana awo. Munthu wina akanadikira kuti achoke. Changa anaona kuti mboni zabwera zokha.

"Kukokera kuja kwatha, a Njiri, zikomo. Koma gudumu lakumbuyo likulira."

Njiri analizunguza gudumulo, n'kuikapo khutu. Linazungulira mwakachetechete.

"Silikulira ili."

"Tayang'anani makutu anuwo, kenaka muyang'ane angawa," anatero Changa akutambasula makutu ake aakulu aja. "Phokoso limene inu simulimva lero ndi lomwe limathyola gudumu mawa. Ine ndikungoganizira mwana."

Gwape anayang'ana Nungu. Nungu anati wakumbukira kuti wasiya moto osazima, Gwape anati amuperekeza, ndipo onse ananyamula madengu awo. Njiri anakhala pachipika chake, osapsa mtima, akungoyang'ana manja ake ngati a munthu wina. Kenaka anadzuka n'kumanga mfundo yachiwiri. Changa anayang'ana kumbali kuti asaone mkulu ngati ameneyo atafooka.

"Mawa ndi tsiku la mpikisano," anatero Njiri motsitsa. "Mukapeza chachitatu, kagalimoto ndi kanu. Koma chimenecho ndichione ndi maso anga, Khwangwala ali pomwepo. Za makutu ndi za kulemera zakwana."

Madzulo amenewo Nambira anafunsa mwamuna wake ali pamtondo, osamuyang'ana.

"Mtedza wogulira munautenga kuti, bambo a Mwandida? M'nkhokwe simunachoke kanthu."

"Nkhani za amuna zimenezo."

"Nanga bwanji kagalimoto kogula kamagona kwa mmisiri?"

"Mafuta," anatero Changa, n'kutuluka ngati wina wamuitana.

Loweruka linafika. Changa anakatenga kagalimoto, iye ndi Mwandida n'kukakokera pamwamba pa chitunda mpikisano usanayambe. Anali atakafufuza konse, ndipo cholakwika chooneka ndi maso panalibe, chifukwa Njiri ankadziwadi ntchito. Ndiye Changa anaganiza kuti chimene palibe, munthu wochenjera amachipanga. Anatuma mwanayo kuti akafunse kwa Khwangwala nthawi yoyambira, ndipo atangotembenuka, anawerama n'kuzula chikhomo cha buleki ndi mano. Kamtengo ka buleki kanatsala pamalo pake, kakuoneka bwinobwino, koma kosagwira kanthu. Chikhomocho anachifumbata m'dzanja.

Nzeru yake inali yoti akaitane Njiri, afike naye pamaso pa Khwangwala, akoke buleki, kamtengo kazuke anthu akuona. Kenaka Njiri amange mfundo yachitatu, iye abwezeretse chikhomo mwakabisira, mwana apikisane pa kagalimoto kake kenikeni.

Mwandida atabwerera, Changa anamuuza kuti, "Ulondere pompano, ndikukaitana a Njiri adzaonerere."

Akanawonjezera mawu amodzi okha, oti usakwerepo. Anawaganiza, ndipo anafika nawo pamilomo. Koma mwana akanafunsa chifukwa, ndipo chifukwacho Changa analibe pochiika. Anadziuza kuti abwera msanga, n'kutsika.

Njiri anali wokalamba, woyenda mwapang'onopang'ono, ndipo anayamba wafunafuna chipewa. Pamwamba paja Khwangwala anaona kuti ana akwana, ndipo sanali kapitawo wodikira makolo. Changa ndi Njiri ali pakati pa chitunda, anamva manja akuwombedwa. Woyambitsa nyimbo anafunsa funso lake, gulu lonse n'kuvomera dzina la Changa kawiri. Masiku awiri aja dzinalo linkamukoma. Tsopano linamuuza kuti mwana wake akutsika wopanda buleki.

Tigalimoto tinatulukira, ka Mwandida kali patsogolo. Pamene anzake ankakoka mabuleki kuti achepetse liwiro, iyenso anakoka, ndipo kamtengo kanatsalira m'manja mwake. Anakayang'ana, n'kuyang'ana kutsogolo, osalira n'komwe.

Changa anaponya chikhomo m'kamwa kuti manja amasuke, n'kudumpha. Kudumpha kokha ankakudziwa. Anagwera kumbuyo kwa mpando, dzanja limodzi n'kukumbatira mwana, linalo n'kulanda chingwe. Kuimitsa sakanatha, koma ankaganiza kuti akawongola bwino, kagalimoto kakafooka kokha kukafika pansi. Anadutsa mzere wothera mpikisano ali patsogolo pa onse, liwiro likadali lomwe lija.

Ndipo kutsogolo kwawo, pakati penipeni pa njira, kunkabwera apongozi ake, dengu lili pamutu.

Mlendo akanangokuwa kuti achoke, koma mkamwini sakuwira apongozi. Thupi la Changa linachita zimene linazolowera zaka zonse: anakokera chingwe kumbali kuti awapatukire. Apongozi nawo, atazindikira kuti akubwerayo ndi mkamwini wawo, anachita zimene anazolowera, n'kupatukira mbali yomweyo. Changa anakhotera kwina, iwonso anabwerera komweko. Ulemu wa anthu awiriwa unakumana pamalo amodzi.

Fumbi litachepa, kagalimoto kanali chagada, magudumu akuzungulirabe. Mwandida anali pambali atagwira bondo, magazi akutsikira kuphazi. Mtedza unali mbwee njira yonse. Apongozi anali atakhala pansi, miyendo tambalale, ndipo pamiyendo pawopo panali Changa, mphuno yake itatsala pang'ono kukhudza yawo. Kwa zaka zonse za ukwati wake anali asanawaonepo nkhope pafupi. Anatsegula pakamwa kuti apepese, chikhomo chija n'kugwera pansalu yawo.

Anthu anafika akuthamanga, kenaka anaima. Ena anatembenuka, poti zimenezi si zoonerera. Njiri anafika pomalizira akupuma mwabefu. Anatola kamtengo ka buleki, kusuzumira pabowo, kenaka anaona chikhomo. Anapempha chilolezo kwa mayiwo, n'kuchitola, n'kuchitembenuza padzuwa.

"A Khwangwala, bwerani muone nawo. Ndinati cholakwika chachitatu ndichione ndi maso anga. Chikhomo ichi ndinakhoma ndine, ndipo sichizuka chokha. Mano ali apawa si a chiswe."

Khwangwala anachiyang'ana ndi diso ili, kenaka ndi ilo, n'kuyang'ananso mano a Changa.

"A Changa, chinapezeka bwanji m'kamwa mwanu?"

Changa anali atachoka pamiyendo paja, ataima payekha. Mayankho anali nawo. Atatu anamubwerera nthawi imodzi, ndipo limodzi linali labwino ndithu, loti anachiwakha m'malere chitazuka. Koma anaona Mwandida akumuyang'ana, ndipo mayankho onse atatuwo anawataya.

Nambira anafika n'kugwada pafupi ndi amayi ake. Mayiwo sanayang'ane kwa mkamwini. Anatembenuzira nkhope kumbali, monga mwambo unkafunira, n'kuyankhula ndi mwana wawo, koma mawu awo anamveka kwa aliyense.

"Nambira, uwauze bambo a Mwandida kuti dengu ili ndimapita nalo kwa a Njiri. Unandiuza dzulo kuti kagalimoto sikanalipiridwe, ndiye ndinati ndikapereke mwakachetechete, dzina likhale lawo. Uwauzenso kuti mtedzawu analima ndi iwo, kuyambira kugalauza mpaka kukumba. Sikukanakhala kupempha. Akanangonena."

Changa analakalaka akanamutukwana. Munthu wotukwanidwa amakhala ndi poyambira kuyankha.

Kunali kamwana ka Nungu kamene kankayambitsa nyimbo tsiku limenelo, ndipo sikanamvetse zonsezi. Kanangoona kuti Mwandida wadutsa mzere poyamba, ndiye kanakweza mawu n'kufunsa funso la nyimbo lija. Manja awiri atatu anawomba n'kusiya. Panalibe anavomera, ndipo mayi ake anakatseka pakamwa.

Mwandida anadzuka akutsimphina, n'kufika pamaso pa bambo ake. Sanakweze mawu.

"Ababa, pamene munkandisiya paja, munkadziwa kuti sikaima?"

"Ndimati ndibwera msanga, mwanawe."

"Koma munkadziwa?"

Changa anayang'ana pansi.

Mwanayo anadikira pang'ono, kenaka anapita pa kagalimoto, kukatembenuza yekha, n'kukakokera kwa Njiri. Anagwada ndi bondo labwinolo.

"Agogo, kagalimoto kanu aka. Sikankakokera kumanzere, ndipo gudumu silinkalira. Ndinakwerapo ndine masiku onse, anthu amve. Mutikhululukire."

Njiri anamudzutsa n'kumuuza kuti kagalimoto akakonza, ndipo akadzachira adzakatenge. Mwandida anathokoza, koma anati sakafunanso. Gwape ndi Nungu anayamba kufunsana mokweza ngati madengu awo akadali pafupi. Nambira ndi amayi ake anawerama n'kuyamba kutola mtedza umodziumodzi, anthu ena n'kuwathandiza. Changa anawerama kuti atole nawo, koma pamene anatambasulira dzanja panali pafupi ndi dzanja la apongozi, ndipo onse awiri anabweza manja. Sanapirirenso. Anadumphira mumtengo umene unali pambali pa njira, n'kukwera mpaka pamene masamba anamubisa.

Anakhala m'menemo tsiku lonse, akumva anthu akudutsa pansi. Ena ankaseka za kupatukirana kuja, ndipo anali ndi chifukwa, poti zinali zoseketsadi. Ena ankati mkamwini wotere ndi wongomulozera njira ya kwawo. Zonsezo Changa anazimva, ndipo anapeza kuti angathe kuzipirira. Kusekedwa kumatha, ndipo mlandu umakambidwa n'kutha.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, njira itatha anthu, anamva mapazi otsimphina. Mwandida anaima pansi pa mtengo, bondo lili lomangidwa ndi kansalu, mbale ili m'manja. Anayang'ana m'mwamba, osamuona.

"Ababa, amayi akuti mudye. Agogo akuti nkhani yatha, palibe akukuthamangitsani."

Changa anadzikokera m'kati mwa masamba.

"Tsikani, ababa. Anthu onse apita."

Anali atapitadi. Koma Changa sankabisalira anthu amene anapitawo. Ankabisalira amene anaima pansi ndi mbaleyo, ndipo sakanatha kumuuza zimenezo. Mwanayo anadikira mpaka chakudya chinazizira, kenaka anaika mbale patsinde n'kubwerera kunyumba.

Mawa lake anabweranso, ndi mkuja womwe. Tsiku lililonse Changa ankati lero nditsika mwana akadali pomwepo, ndipo tsiku lililonse ankatsika mwanayo atachoka. N'chifukwa chake mpaka lero Changa simumuona masana. Amadikira kuti maso onse atsekedwe, ndipo mukamumva akulira mumtengo ngati kamwana, musamugende, akuyeseza yankho limene sanapereke.

Amene munakwirira mbatata paphulusa kaioneni, nthano yanga yafika pansi pa chitunda.